Kunenepa kwambiri: opaleshoni ndi ya tsiku limodzi, chisamaliro n'cha moyo wonse

M'midzi yambiri ya m'chigawo chino cha Africa, kuuza munthu kuti "mwanenepatu" ndi kumuyamikira. Mkazi akanenepa pabanja, anthu amati mwamuna akusamala. Bambo akatulutsa mimba, amati ndalama zamulola. Maganizo amenewa anazika mizu kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene mliri wa Edzi unafika poipa ndipo aliyense wowonda ankalozedwa zala kuti ali ndi kaliwondewonde. Thupi lalikulu linasanduka umboni wakuti munthu ali bwino.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta akachuluka m'thupi, makamaka pamimba, amaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kufa kwa ziwalo, kuphwanya kwa mawondo ndi msana, komanso khansa ya m'mawere ndi ya m'matumbo. Odwala oterewa akuchuluka m'zipatala, ndipo ena afika pokachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi. Dokotala amamaliza opaleshoniyo m'maola awiri kapena atatu. Ntchito yotsalayo, yomwe ndi ya zaka, imagwera anamwino, alangizi a zaumoyo ndi achibale.

Ziwerengero zikuti chiyani?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2022, munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse anali wonenepa mopitirira muyeso. Akuluakulu okha anali 890 miliyoni, ndipo vutoli linali litawirikiza kawiri kuchokera mu 1990.

Kuno kwathu, dziko la South Africa ndi limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2016 anasonyeza kuti amayi 68 mwa 100 aliwonse ndi abambo 31 mwa 100 aliwonse anali ndi thupi loposa muyeso. Ku Zimbabwe mu 2015 anali amayi 35 mwa 100, ku Zambia mu 2013 ndi 2014 anali 23, pamene ku Malawi mu 2015 ndi 2016 anali 21. Kafukufuku wa ku Malawi yemweyo anapezanso kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali okwinimbira. Ndiye kuti nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi mwana wonyentchera ndi mayi wonenepa kwambiri, onse akudya m'mbale imodzi.

Zifukwa zake n'zambiri. Ufa woyera walanda malo a mgaiwa. Shuga, mafuta ophikira, mandasi, tchipisi cha pachiwaya ndi zakumwa zotsekemera zafika mpaka pamsika wa kumudzi. Maulendo amene kale anali apansi tsopano ndi a njinga yamoto. Palinso chibadwa cha kumtundu ndi mankhwala ena. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira ku Johannesburg ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anasonyeza kuti ena mwa akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir amawonjezera thupi, makamaka amayi. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala ayi, koma chokhalira tcheru ndi sikelo.

Kuyeza ndi ulemu

Azaumoyo amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI. Amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, kenaka yankholo n'kuligawanso ndi msinkhu womwewo. Mayi wolemera makilogalamu 95, wamtali mamita 1.6, BMI yake ndi 37. Kuyambira 25 thupi laposa muyeso, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kuli matenda. Popanda sikelo, tepi ya telala imathandiza: kuzungulira pamimba kukaposa masentimita 88 kwa mayi kapena 102 kwa bambo, ngozi yakula.

Chisamaliro chabwino chimayambira pakamwa pa namwino. Anthu onenepa ambiri anasekedwapo mu minibasi, pamsika, ngakhale pamzere wa kuchipatala, ndipo ena amaleka kupita kusikelo poopa kunyozedwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Namwino wodziwa ntchito amayeza wodwala poduka mphepo, salengeza makilogalamu ake pagulu, ndipo amayamba wapempha kaye: "Mayi, kodi mungalole kuti tikambiraneko za thupi lanu?" Sathamangiranso kunena kuti dandaulo lililonse labwera chifukwa cha kunenepa, popeza chotupa kapena chifuwa chachikulu zikhoza kubisala m'thupi lalikulu monga momwe zimabisalira m'thupi lina lililonse.

Zipangizo nazo ziyenera kukhala zomuyenera. Lamba woyezera kuthamanga kwa magazi akachepa pamkono, amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo munthu akhoza kuyamba mankhwala osafunikira. Jakisoni wa mumnofu amafuna singano yotalikirapo, apo ayi mankhwala amathera m'mafuta osagwira bwino ntchito.

Wodwala akagonekedwa

Munthu wonenepa kwambiri akagona pamphasa kapena pabedi la kuchipatala, kaya ndi matenda anji, pali zinthu zinayi zimene womusamalira sayenera kuziphonya.

Choyamba ndi khungu. M'mapindi a pansi pa mawere, pansi pa mimba ndi m'mphechepeche mumasunga thukuta, ndipo mumayamba kufiira, kuyabwa ndi kunyeka. Malo amenewa amafunika kusambitsidwa tsiku ndi tsiku, kupukutidwa mosakhula mpaka aume, ndi kuikamo kansalu kofewa koyera. Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe pa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda m'matako ndi m'zidendene.

Chachiwiri ndi kupuma. Ambiri amabanika kutulo: amaliza mkonono, mpweya n'kuima kwa kanthawi, kenaka n'kudzidzimuka, masana n'kumangosinza. Wotere asagone chagada mutu uli pansi, koma atsamire, chifuwa chikwere. Mankhwala ogonetsa ndi opha ululu amphamvu amachepetsanso kupuma, choncho akapatsidwa ayenera kuyang'aniridwa pafupipafupi.

Chachitatu ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Chibulumwa cha magazi chikachoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo, munthu amafa mwadzidzidzi. Chitetezo chake ndi kuyenda msanga, kugwedeza mapazi ali chigonere, masokosi othina a kuchipatala ndi jakisoni woletsa magazi kuundana.

Chachinayi ndi kanyamulidwe. Anamwino ambiri anavulala msana ponyamula odwala okha. Wodwala asakokedwe m'khwapa. Pakhale anthu okwanira, mmodzi azilamula, ndipo amusunthe pansalu yolimba. Bedi, machira ndi njinga ya odwala zili ndi malire a kulemera kumene zingapirire, ndipo malirewo adziwike wodwala asanakwerepo. Kumudzi, chimbudzi choyalidwa ndi mitengo yofuka ndi msampha. Chilimbitsidwe, paikidwe chogwirira ndi mpando wobowola pakati, chifukwa kunyonyomala kumamuvuta.

Opaleshoni imeneyi ndi yotani?

Ambiri amaganiza kuti dokotala amang'amba mimba n'kukolopola mafuta. Sizitero. Opaleshoniyi imachitika pachifu, thumba la m'mimba limene chakudya chimafikira, kuti munthu azikhuta ndi zochepa.

Dokotala Edward Mason wa pa yunivesite ya Iowa ku America ndiye anayamba njira yotchedwa gastric bypass mu 1966, ataona kuti odwala zilonda za m'mimba amene anachotsedwa mbali ya chifu ankawonda osabwereranso mwakale. Pa njira imeneyi amadula chifu n'kusiya kathumba kangati dzira la nkhuku, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chigawo choyamba cha matumbo. Njira ina, imene tsopano ikuchitika kwambiri pa dziko lonse, ndi sleeve gastrectomy. Apa amachotseratu pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu, n'kutsala kathumba kowonda ngati nthochi. Njira zonsezi zimasinthanso mahomoni a njala, ndiye chifukwa chake chilakolako cha chakudya chimatsika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, madokotala amalowera pa timabowo tingapo ndi kamera m'malo mong'amba mimba yonse.

Phindu lake ndi lodziwika. Ambiri amataya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a kulemera kwawo m'zaka ziwiri zoyamba, ndipo shuga amatsika, mwa ena patangopita masiku. Ku Sweden, kafukufuku amene anayamba mu 1987 ndi anthu oposa 4,000 anasonyeza mu 2007 kuti imfa pakati pa ochitidwa opaleshoni zinali zochepa ndi 29 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sanachitidwe.

Si ya aliyense. Mu 1991 bungwe la National Institutes of Health la ku America linati ndi ya anthu a BMI ya 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda ena. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa muyesowo kufika pa 35, kapena 30 kwa amene akuvutika ndi matenda monga shuga.

M'chigawo chino, opaleshoniyi imachitika makamaka m'zipatala zolipira za ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town. Chipatala cha Tygerberg ku Cape Town ndi chimodzi mwa zipatala zochepa za boma zimene zakhala zikuichita. Ena amakwera ndege kupita ku India kapena ku Turkey. Vuto limabuka pobwerera: wodwala amafika kwawo patatha masiku ochepa, dokotala amene anamudula ali kutsidya kwa nyanja, ndipo woyamba kumuona zikavuta ndi namwino wa pachipatala chaching'ono kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi.

Asanalowe kuchipinda cha opaleshoni

Kukonzekera kumatenga miyezi. Wodwala amaonedwa ndi dokotala, katswiri wa zakudya, mlangizi wa zamaganizo ndi namwino. Wosuta fodya asiye kukadali masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, chifukwa fodya amachedwetsa chilonda kupola. Magazi amayezedwa, ndipo m'madera a malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi kuyenera kuchizidwa kaye. Masabata awiri omaliza wodwala amachepetsa kwambiri zakudya zopatsa mphamvu kuti chiwindi, chimene chimaphimba chifu, chiphwe ndipo dokotala aone bwino pogwira ntchito.

Namwino wanzeru amaitananso amene amaphika pakhomopo. Malangizo operekedwa kwa wodwala yekha amathera pachipata cha chipatala ngati wogwira mthiko sanawamve.

Masiku oyamba

Patangopita maola ochepa, namwino amamudzutsa wodwala kuti ayende pang'ono, amamuphunzitsa kukoka mpweya wambiri ndi kutsokomola atagwira pamimba, ndipo amayamba kumupatsa madzi pang'onopang'ono, kamkamwa kamodzi nthawi imodzi.

Choopsa chachikulu ndi kudontha kwa posokapo, pamene zam'chifu zimatayikira m'mimba. Mwa munthu wamafuta ambiri, mimba siuma msanga ngati mwa wowonda, choncho kuigwira kokha kumanamiza. Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi mtima. Ukamagunda koposa ka 120 pa mphindi osatsika, namwino aitane dokotala nthawi yomweyo, ngakhale wodwala akuti ali bwino. Wodwala shuga ayezedwe pafupipafupi, chifukwa mlingo wa mankhwala umene ankamwa kale ukhoza kutsitsa shuga mpaka kukomoka.

Ndiwo itsogole, nsima itsatire

Masabata awiri oyamba ndi a zamadzimadzi zokha: mkaka, chambiko chosungunula, msuzi wosefa. Kenaka pamabwera zopota monga phala la soya, nyemba zochotsa makoko, dzira lofewa ndi nsomba yopanda minga. Chakudya chamasiku onse chimabwerera pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, koma pambale yaing'ono.

Apa mwambo wa kadyedwe umatembenuka. Chizolowezi n'chakuti nsima ndiyo chakudya, ndiwo n'zongoperekeza. Kwa wochitidwa opaleshoni, malo m'chifu ndi ochepa, ndipo thupi likufuna magalamu 60 kapena kuposa a zomanga thupi pa tsiku. Choncho ayambe ndi usipa, dzira, nyemba, nandolo kapena nkhuku, kenaka masamba, nsima ikhale yomaliza, mbamu imodzi kapena ziwiri. Atafune mpaka chisalale, adye modekha, ndipo akamva kukhuta aleke pomwepo. Asamwere madzi pakudya, adikire mphindi 30, koma pa tsiku amwe lita imodzi ndi theka. Kwa mlimi wolima padzuwa la Okutobala, amene sangathenso kugugudiza chikho chonse nthawi imodzi, botolo la madzi lisachoke pambali.

Zotsekemera zimabweretsa vuto limene madokotala amalitcha dumping syndrome, makamaka mwa ochitidwa bypass. Shuga akatsikira m'matumbo mothamanga, munthu amatuluka thukuta, amamva chizungulire ndi nseru, mtima umathamanga, mwina n'kutsegula m'mimba. Thobwa lothira shuga, tiyi wotsekemera ndi zakumwa za mpweya za m'mabotolo ndi zoyenera kuzipewa. Mowa nawo umaledzeretsa msanga kuposa kale, ndipo ena amagwa m'uchidakwa.

Achibale amve bwino mfundo imodzi: kusiya chakudya m'mbale si chipongwe. Paukwati, pamaliro kapena kwa apongozi, kumukakamiza kuti "idyaniko pang'ono, mwakana bwanji" ndi kumusanzitsa.

Mankhwala a moyo wonse

Chifu chochepa ndi matumbo olambalalidwa sizitenga mokwanira zofunika za m'chakudya. Wodwala amamwa mavitamini, ayironi, kashiamu ndi vitamini D mpaka kalekale, ndipo ambiri amabayidwa jakisoni wa vitamini B12 pa miyezi itatu iliyonse. Magazi ayezedwe kangapo chaka choyamba, kenaka kamodzi pa chaka. Wosiya mankhwalawa amaoneka bwino kwa miyezi, kenaka magazi amachepa, mapazi amachita dzanzi, mafupa amafooka. Kusanza kosalekeza n'koopsa kwambiri chifukwa kumatha vitamini B1 m'masabata ochepa, ndipo ubongo ukhoza kuwonongeka osabwereranso. Wotere akafika kuchipatala apatsidwe vitaminiyu asanaikidwe diripi ya shuga.

Mankhwala opha ululu ogula m'magolosale monga ibuprofen, diclofenac, indomethacin ndi aspirin amayambitsa zilonda posokapo. Panado ndiye woyenera, pokhapokha dokotala atanena zina. Akumwa ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a khunyu adziwitse a kukiliniki yawo za opaleshoniyi. Kashiamu ndi ayironi amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi akamwedwa pamodzi m'mimba muli mopanda kanthu, choncho namwino awakonzere nthawi zomwera, ndipo kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kuziyezedwa.

Amayi amene ankavutika kutenga pakati amatha kuima mosayembekezera thupi likayamba kutsika. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18. Mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass, choncho lupu kapena kolera ka pamkono ndi zabwinoko. Mimba ikabwera, mayiyo ayambe sikelo msanga ndipo anene mbiri yake.

Pali bala lina losaoneka. Munthu wotaya makilogalamu 30 m'chaka chimodzi, tsitsi likuthothoka monga zimachitikira miyezi yoyamba, amayamba kunenedwa. Ena amati ndi kachilombo, ena amati walodzedwa. Mlangizi asunge chinsinsi chake, amuchezere, ndipo akaona kuti wafooka mtima, akudzipatula kapena akunena zodzipha, amutumize kwa aphungu msanga.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

- Mtima kugunda mothamanga osaleka, kutentha thupi kapena kupuma mobanika.
- Kupweteka kwa m'mimba kosatha, kapena ululu wa paphewa la kumanzere.
- Mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka pakatumba.
- Kusanza kopitirira tsiku limodzi, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii.
- Kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuyenda modzandira.

Mtundu wa opaleshoni, tsiku lake ndi mankhwala onse zilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo aziyenda nalo paliponse.

Nanga amene sangafike ku opaleshoni?

Amenewa ndiwo ochuluka. Jakisoni wa sabata ndi sabata wa semaglutide, amene anavomerezedwa ku America mu 2021 monga wochepetsa thupi, amatsitsa kulemera ndi pafupifupi 15 peresenti, koma ndi wodula ndipo thupi limabwerera munthu akasiya. Mu 2024 bungwe la WHO linachenjeza za mankhwala achinyengo a mtundu umenewu. Tiyi ndi mapiritsi ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti kuti amasungunula mafuta ndi ongotayitsa ndalama, ena amawononga chiwindi ndi impso.

Chotheka kwa aliyense n'chakuti kutsitsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse kumatsitsa kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. WHO imalangiza mphindi 150 pa sabata za kuyenda ndawala kapena ntchito yotulutsa thukuta, mchere wosakwana supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, ndi shuga wochepa, makamaka wosaposa masupuni aang'ono asanu ndi limodzi. Dziko la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2018 pofuna kuthandiza anthu kuchepetsa shuga.

Mlimi ali ndi mwayi umene wa m'tauni amaugula ndi ndalama. Mgaiwa, mapira, khobwe, nzama, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi zipatso za pakhomo ndi zomwezo zimene akatswiri a zakudya amalembera odwala m'zipatala zodula. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amaphunzitsa poteteza ana ku kunyentchera amatetezanso makolo ku kunenepa. Pa tsiku la sikelo ya ana, tepi ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi zikhoza kudikira amayi ndi abambo pansi pa mtengo womwewo, ndipo amene muyeso wake wakwera atumizidwe kuchipatala matenda asanamugwetse.